M'mimba ndi m'chipala: zimene ofufuza apeza m'matumbo a ana a kuno kwathu

Achemwali anga amene anakwatiwa ku Golomoti ali ndi ana amapasa, onse aamuna. Ine ndili Fomu 3, mmodzi mwa anawa anayamba kutupa. Munali mu February, chimanga chisanache, nkhokwe zambiri zili pululu. Anayamba ndi mapazi, kenaka masaya. Tsitsi linafiira n'kumasosoka lokha, ndipo ukadinikiza chala pamwendo pake pankatsala kadzenje. Mnzakeyo ankangothamangitsa nkhuku pabwalo, alibe vuto lililonse. Chonsecho anawa anayamwa bere limodzi, ankadyera m'mbale imodzi, kugona pamphasa imodzi ndi kumwa madzi a mumtsuko umodzi.

Milandu inagwa iwiri. Kumudzi anati ndi tsempho, ndipo maso onse analoza kwa alamu anga, amene nthawi imeneyo ankachita geni ya nsomba zouma ndipo ankagona kunyanja masiku angapo. Kuchipatala anati ndi matenda osowa zakudya m'thupi, nawapatsa chiponde ndi mankhwala akumwa. Koma zimene achemwali anatolapo n'zakuti sadziwa kudyetsa mwana, ndipo anabwerako akulira. A kumudzi ndi a kuchipatala omwe anapeza kholo loti lisenze mlandu, koma panalibe woyankha funso limene linkandizunguza ine: ngati vuto ndi chakudya, kapena ndi mayendedwe a bambo, bwanji watupa mmodzi yekha? Agogo ndiwo anangoti, "Mdzukulu wanga, m'mimba ndi m'chipala."

Mwambiwu umanena za ana a mayi mmodzi amene amabadwa osiyana, monga momwe khasu ndi nkhwangwa zimatulukira m'chipala chimodzi cha wosula. Koma m'Chichewa liwu lakuti "mimba" lili pawiri: pali mimba yobereka, palinso mimba yolandira nsima. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza zimene akatswiri a sayansi apeza zokhudza mimba yachiwiriyi, makamaka pa kafukufuku amene wachitika pa ana a ku Malawi. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mwana akhoza kudya koma osakula, chifukwa chakudya chikalowa chimakumana ndi matumbo amene mwina ali kale pa nkhondo yosaoneka ndi maso.

Tiyambe ndi matumbowo. Ambiri timawayesa paipi yongodutsamo chakudya, monga timaonera matumbo a mbuzi tikamawatsuka pa Khrisimasi. Koma mkati mwake si mosalala ayi. Muli tinthu ting'onoting'ono tosawerengeka toimirira ngati ubweya wa thaulo, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa chakudya chogayika kuti chilowe m'magazi. Akatswiri awerengera kuti mkati mwa matumbo a munthu wamkulu, mutati mutambasulidwe monse, mungakwane masikweyamita pafupifupi 30, kapena kuti pansi pa kanyumba ka zipinda ziwiri. Komatu khoma lolekanitsa zam'matumbo ndi magazi ndi lopyapyala zedi, mzere umodzi wokha wa maselo.

Kuseri kwa khoma limeneli ndiko kumakhala gawo lalikulu la chitetezo cha m'thupi. Mawu akuti "asilikali a m'thupi" anafala m'Chichewa kudzera m'mauthenga a Edzi, ndipo anathandiza anthu kumvetsa, koma amatipatsa chithunzi cha nkhondo yokhayokha. Asilikali a m'matumbo ntchito yawo yaikulu ndi ya mlonda wa pachipata, woyenera kudziwa wolowa ndi wobwezedwa. Nsima ndi mkaka wa m'mawere zidutse mwamtendere. Kachilombo ka kolera kapena ka kamwazi kagwidwe. Mwana sabadwa akudziwa kusiyanitsa zimenezi. Chitetezo chake chimaphunzira m'zaka zoyambirira za moyo, ndipo aphunzitsi ake enieni ndi mabakiteriya amene amakhazikika m'matumbomo kuyambira tsiku lobadwa.

Apa mpamene ambiri amadabwa. Munthu wamkulu wathanzi amayenda ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ochuluka mofanana ndi maselo a thupi lake lonse, ndipo ambiri amakhala m'matumbo aakulu. Amagaya zimene ife sitingagaye, monga gaga wa mu mgaiwa, ulusi wa m'masamba ndi makoko a nyemba, n'kutulutsamo zinthu zodyetsa khoma la matumbo lija. Amapanganso mavitamini ena, ndipo pongodzaza malo amalepheretsa tizilombo toipa kupeza pokhala. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012 m'magazini ya Nature anayerekeza chimbudzi cha anthu 531 a ku Malawi, a m'nkhalango ya Amazon ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America. Anapeza kuti kulikonse pamatenga zaka pafupifupi zitatu kuti mabakiteriya a mwana afanane ndi a munthu wamkulu, komanso kuti akuluakulu a m'midzi ya ku Malawi anali ndi mitundu yambiri kuposa a ku America. Tinganene kuti m'mimba mwa mwana mumamangidwa mudzi, ndipo mudziwo umakula ndi msinkhu monga mwanayo.

Tsono pali liwu la Chingerezi lakuti inflammation, limene omasulira ambiri amangoti "kutupa". Ndikuona kuti kumasulira kumeneku n'koperewera. Munga ukakubaya kuphazi, pamalopo pamafiira, pamatentha, pamatupa ndi kupweteka, chifukwa magazi ndi asilikali athamangirako. Kutupako ndi mbali imodzi chabe ya zochitikazo. Mwina liwu loyandikira ndi "kutukusira", monga timanenera za chilonda. Zikachitika kwa masiku ochepa n'zabwino, ndiyo njira yochirira. Vuto limabwera pamene kutukusirako sikukutha, mwezi ndi mwezi, ndiponso kukuchitikira mkati mosaoneka.

Zimenezi n'zimene zimachitika m'matumbo a ana ambiri okulira malo amene ndowe za ziweto ndi chimbudzi cha anthu zimafika mosavuta m'kamwa. Madokotala amati environmental enteric dysfunction. M'Chichewa tingangoti kutukusira kwa matumbo kobwera ndi malo okhala. Anayamba kukuzindikira bwino m'ma 1960, pamene anaona kuti achinyamata a ku America a Peace Corps amene anakagwira ntchito ku Pakistan matumbo awo ankasintha, ndipo akabwerera kwawo ankachira pang'onopang'ono popanda mankhwala. Izi zinasonyeza kuti si zamtundu ayi, koma zamalo. Mu 1991 ofufuza a ku Gambia anapeza kuti kuwonongeka kwa matumbo kotereku kunkayenderana ndi gawo lalikulu la kusakula kwa makanda a m'midzi ya kumeneko. Ku Lusaka, a Paul Kelly ndi a Beatrice Amadi akhala zaka zambiri akupima tizidutswa ta matumbo a anthu a m'makomboni monga Misisi, ndipo aona ubweya uja utafupika, pena utatsala pang'ono kutheratu.

Mwana wa matumbo otere amaluza katatu. Ubweya ukafupika, chakudya chambiri chimangodutsa osayamwidwa. Khoma likachita ming'alu, zidutswa za mabakiteriya zimalowa m'magazi, asilikali n'kukhala ali chilili usana ndi usiku. Ndipo nkhondo imadya: mphamvu imene ikanamanga mafupa ndi ubongo imathera kudyetsa asilikali, pomwe kutukusirako kumachepetsanso michere ya m'magazi youza mafupa kuti akule. Chovuta n'chakuti mwanayo satsegula m'mimba nthawi zonse, satentha thupi, salira. Amangokhala wamfupi. Pofuna kumupima, ofufuza amam'mwetsa madzi a mitundu iwiri ya shuga, wina woti matumbo abwino amamuyamwa, wina woti sayenera kudutsa khoma, kenaka n'kuyeza mkodzo. Shuga wachiwiriyu akapezeka wambiri mu mkodzo, ndiye kuti khoma likudontha. Kalembera wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Si onse amene anapinimbira chifukwa cha matumbo, koma si onsenso amene anagona ndi njala.

Ndikamawerenga zimenezi ndimaona bwalo la achemwali. Kwathu kunsi kwa mapiri a Dedza n'kotentha, ndipo mwana wokwawa amakhala pansi tsiku lonse, pamthunzi womwewo umene nkhuku zimausa. Mbuzi zina zimagona m'khitchini poopa akuba. Dzinja likafika, madzi otsika kuphiri amadzaza mitsinje monga Livulezi ndi Namikokwe, zimbudzi zokumbidwa pamchenga zimagumuka, ndipo zonse zimasakanikirana m'madambo. Ofufuza ena ku Zimbabwe anakhala pansi maola ambiri akungoyang'ana makanda a kumudzi, ndipo mu 2013 analemba kuti ena ankadya dothi ngakhalenso zitosi za nkhuku amayi awo atatanganidwa. Mayi aliyense wa ku Mtakataka akanawauza zimenezi ulere, koma kuwerengera kuchuluka kwa mabakiteriya olowa m'njira imeneyi ndiko kunali kwachilendo.

Kafukufuku amene anandigwira mtima kwambiri ndi wa mapasa, pa chifukwa chodziwikiratu. Gulu la a Jeffrey Gordon a pa Washington University ku St. Louis, pamodzi ndi a Mark Manary, dokotala wa ana amene anayamba kuyesa chiponde m'Malawi mu 2001, a Indi Trehan, ndi a Rajhab Mkakosya a ku College of Medicine ku Blantyre, linatsatira mapasa a m'mabanja 317 m'midzi ya m'chigawo cha kummwera mpaka atakwana zaka zitatu. Zotsatira zinatuluka mu 2013 m'magazini ya Science. Theka la mabanjawo, mapasa onse awiri anakula bwino. M'mabanja 7 mwa 100 aliwonse, onse awiri anadwala matenda osowa zakudya. Koma m'mabanja 43 mwa 100 aliwonse anadwala mmodzi, mnzake n'kutsala. Ndiye kuti zimene zinachitika ku Golomoti, zimene mudzi unaziona ngati malodza, n'zimene zimachitika kawirikawiri.

Ofufuzawo anayang'anitsitsa mapasa amene mmodzi anadwala matenda otupikana, amene madokotala amati kwashiorkor. Liwuli ndi la chiyankhulo cha Chiga cha ku Ghana, ndipo analilowetsa m'mabuku a zachipatala ndi Cicely Williams mu 1935; limanena za nthenda ya mwana amene wachotsedwa pabere chifukwa kwabwera mng'ono wake. N'zochititsa chidwi kuti Aga ndi Achewa, otalikirana chotere, onse anagwirizanitsa kutupa kwa mwana ndi zochitika za kuchipinda kwa makolo. Makolo athu anaona bwino nthawi imene nthendayi imagwa. Chimene analibe ndi makina oonera tinthu tating'ono.

Popima chimbudzi cha mapasawa miyezi ndi miyezi, anapeza kuti mudzi wa mabakiteriya wa mwana wathanzi unkakula ndi msinkhu wake, pamene wa wodwalayo unkaima pamodzi. Akam'patsa chiponde unkayamba kusintha ngati ukukula, koma chiponde chikatha unkabwerera m'mbuyo. Funso linali lakuti: kodi mabakiteriyawa ndiwo akudwalitsa mwana, kapena asokonekera chifukwa mwanayo wadwala kale? Kuti ayankhe, anagwiritsa ntchito mbewa zoleredwa m'mabokosi otsekedwa, zopanda kachilombo kalikonse m'thupi chibadwire. Anatenga chimbudzi cha mapasa a m'mabanja atatu, naika mabakiteriya a mwana wodwala mu mbewa zina, a mwana wathanzi mu zina. Zonse anazidyetsa chakudya chofanana ndi cha kumudzi kuno, cha ufa wa chimanga ndi masamba. Pa mabanja awiri mwa atatuwo, mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a mwana wodwala zinaonda kwambiri, pamene zinzake sizinaonde chotero. Atazipatsa chiponde zinanenepako, atazibwezera ku chakudya chakale zinayambanso kutsika.

Tiyenera kusamala pomasulira zimenezi. Mabanja atatu ndi ochepa, ndipo mbewa si mwana. Komanso mabakiteriyawo paokha sanaondetse mbewa. Zinaonda pamene mabakiteriya osokonekera anakumana ndi chakudya chosakwanira. Choncho kafukufukuyu sakuchotsa njala pa mlandu. Akungosonyeza kuti mbale imodzi ikhoza kulowa m'zipala ziwiri zosiyana. Gulu lomweli mu 2016 linapezanso kuti mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu ina ya shuga imene khanda siligaya, koma imadyetsa mabakiteriya abwino, ndipo mkaka wa amayi a ku Malawi amene ana awo anali opinimbira kwambiri unali ndi shuga wotereyu wochepa. Mayi akamayamwitsa amadyetsa mwana pamodzi ndi mudzi wa m'mimba mwake.

Nanga mankhwala aja amene achemwali analandira pamodzi ndi chiponde anali a chiyani, mwana asakutentha thupi? Yankho lilinso m'kafukufuku wa kuno. Mu 2013 a Trehan ndi anzawo anafalitsa zotsatira za ana 2,767 onyentchera kwambiri a m'midzi ya ku Malawi. Onse analandira chiponde, koma ena anawonjezeredwa mankhwala opha mabakiteriya kwa masiku 7. Mwa amene sanalandire mankhwala enieni anamwalira oposa 7 mwa 100 aliwonse. Mwa olandira amoxicillin, pafupifupi 5. Mwa olandira cefdinir, pafupifupi 4. Ofufuzawo ankaganiza kuti mankhwalawa amathandiza pogwira mabakiteriya amene adutsa khoma long'aluka lija. Koma kafukufuku wina wa ku Niger mu 2016 sanapeze phindu lofanana pa kuchira kwa ana. Ndipo izi zikukhudza mwana wodwalitsitsa amene ali m'manja mwa achipatala. Chizolowezi chogula makapisozi pagolosale mwana akangotsegula m'mimba chimapha abwenzi ndi adani omwe.

Kuchiza kutukusira kwa matumbo kwakhala kovuta kuposa kukupeza. M'Malawi muno anayesa kumwetsa ana mabakiteriya abwino a mtundu wa Lactobacillus mu 2005, osathandiza. Anayesa mankhwala otchedwa rifaximin mu 2009, osathandizanso. Ku Zimbabwe, kafukufuku wamkulu wotchedwa SHINE, wa m'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi, anamangira mabanja zimbudzi, kuwapatsa sopo, mankhwala othira m'madzi ndi malo oti khanda lizisewereramo, koma zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti zimenezi sizinatalikitse ana. Amene anatalikirako pang'ono ndi amene analandira chakudya chowonjezera. Akatswiri ambiri anamasulira kuti ukhondo wa khomo limodzi sukwanira ngati mudzi wonse, ziweto ndi madzi zili chimodzimodzi. Kunena zoona, zotsatirazi zinandikhumudwitsa, chifukwa zikutanthauza kuti mayi akhoza kusesa ndi kusamba m'manja mokhulupirika koma osapambana yekha.

Kumene kwaoneka kuwala pang'ono ndi kumunda. Mu 2017 kafukufuku wa m'midzi ya kummwera kwa Malawi anapeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 12 amene ankathiridwa ufa wa khobwe m'phala sanabwerere m'mbuyo pa msinkhu ngati anzawo. Wina wa mu 2018, pa ana okulirapo, anapeza kuti ufa wa nyemba unachepetsa kudontha kwa matumbo, ngakhale sunawatalikitse. Ku Bangladesh gulu la a Gordon linapanga chakudya cha tchana, soya, mtedza ndi nthochi zosapsa, chosankhidwa dala kuti chidyetse mabakiteriya oyenera, ndipo mu 2021 linaonetsa kuti ana ochidya anawonjezera sikelo msanga kuposa odya chakudya chachizolowezi chochiritsira, chomwe chinali ndi mphamvu zambiri. Khobwe amalimidwa m'dera lathu, koma nthawi zambiri amathera pamsika wa Golomoti, mwana n'kumamwa phala la ufa woyera lothira mchere wokha.

Nkhani ya matumboyi imakhudzanso katemera. Katemera wa rota, woteteza ku kutsegula m'mimba koopsa, amadonthezedwa m'kamwa, choncho amadalira asilikali a m'matumbo kuti amuphunzire. Pa kuyesa kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anateteza pafupifupi 49 mwa 100 ku Malawi, 77 ku South Africa, pamene ku Ulaya ankapitirira 90. Kutukusira kwa matumbo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri akuzifufuza. Izi zisafooketse munthu kupita kusikelo: dziko lino linayamba kupereka katemerayu mu October 2012, ndipo kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti imfa za makanda zobwera ndi kutsegula m'mimba zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kumene nthenda ili yambiri, ngakhale katemera wa theka amapulumutsa ochuluka.

Monga wophunzira chiyankhulo, chimene chimandivuta n'chakuti zambiri mwa zimenezi zinapezeka m'matupi a ana olankhula Chichewa, Chiyao ndi Chisena, koma ine ndinazipeza m'Chingerezi cha akatswiri, mulaibulale ya pakoleji. Munthu ukafuna kuzibweza kwa eni ake umapunthwa pa liwu loyamba lomwe. Timati "tizilombo", ndipo mlangizi wa zaumoyo aliyense amalitsatiza ndi "toyambitsa matenda". Ukanena kuti "tizilombo tabwino" anthu amaseka, ngati wanena kuti fisi woweta mbuzi. Ena ayesa "tamoyo ting'onoting'ono", mawu olondola koma ozizira, osagwira mtima.

Komabe ndikuganiza kuti liwu lakalelo si loti titaye. Amene anafikako ku Mua, kunyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare pa KuNgoni, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, akudziwa kuti kwa Mchewa "chilombo" si chinyama cholusa chokha. Zilombo za Gule Wamkulu, monga Kasiyamaliro, zimaopedwa ndithu, koma zimabwera pamaliro ndi pachinamwali kudzalangiza ndi kusunga mudzi. Zimachokera kunja kwa mudzi, koma mudzi sukhala wathunthu popanda izo. Ngati chilombo chachikulu chingakhale choopsa ndi chosunga nthawi imodzi, sindikuona chifukwa choti kachilombo kakang'ono kalepherere kutero. Tanthauzolo lilimo kale m'chiyankhulo; mauthenga a zaumoyo ndiwo analichepetsa.

Patchuthi chapitachi ndinayesa njira imeneyi. Mwana uja anachira, ali Sitandade 2 tsopano, wochenjera pa masamu, koma akaima ndi mnzake amapereweza ndi chikhatho chathunthu, moti alendo amayesa ndi mkulu ndi mng'ono. Tinali pakhonde madzulo tikusenda khobwe, ine n'kumafotokoza za mudzi wa m'mimba, za khoma lodontha ndi za mapasa a m'mabanja 317. Alamu anangoti duu, akusoka ukonde. Achemwali anasiya kusenda.

"Ndiye ukuti mapasa ambiri amatero? Wina kutupa, wina ayi?"

"Eya, achemwali. Pafupifupi theka."

"A mbale imodzi?"

"A mbale imodzi."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anadzuka kukanyamula wamng'ono wawo wa miyezi 9, amene anali atakwawira pansi pa nkhokwe pomwe nkhuku zimagona, namupukuta m'manja ndi chitenje. Agogo, amene ndinkayesa akuwodzera, anatukula mutu.

"Nanga mbewa zonenepazo, atamaliza nazo anadya ndani?"